Ndikuopa kuti ndamusempha mwana wanga

Aphungu,

Ndine mlimi wa fodya kufupi ndi Mitundu. Zimene ndikulembazi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga Felesiya.

Mwana wathu Takondwa ali ndi chaka ndi theka. Anasiya kuyamwa mu Meyi chifukwa mayi ake ndi oyembekezera. Bungwe lina limatumizira amayi ngati iwowa ndalama mwezi uliwonse zogulira chakudya chopatsa thanzi, ndipo poti Felesiya alibe foni, zimafikira pa nambala yanga.

Mu Juni, nditagulitsa fodya, ndinagona ndi mkazi wina pa Nathenje. Pofika kunyumba ndinanyamula mwana osaganiza. Sipanapite nthawi, mapazi ake anayamba kutupa, tsitsi kufiira. Mayi anga atamuona anati, "Ili ndi tsempho, alipo wayenda njira zachilendo pakhomo pano." Ankanena akuyang'ana Felesiya, ine ndinangozolika.

Ndalama za miyezi iwiri ndapita nazo kwa sing'anga mwamseri, kunyumba ndikunama kuti sizinabwere. Mwana akungodya phala lopanda kanthu, nalonso akulikana. Kutupa kwafika m'miyendo. Kusikelo ndamuletsa Felesiya kupita naye, chifukwa anthu amati mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafa. Ndili ndi mantha, Aphungu. Kodi ndapha mwana wanga?

L.P., Mitundu

Bambo L.P.,

Simunamuphe, koma mukapitiriza kudikira mumupha ndithu. Nyamulani Takondwa lero, kwerani njinga mupite naye kuchipatala cha Mitundu. Osati mawa.

Kutupa mapazi, kufiira tsitsi ndi kukana kudya ndi zizindikiro za mwana amene thupi lake likuperewera zakudya, ndipo mwana wotere amafooka msanga. Taganizani: anasiya bere, kenaka ndalama za mazira, usipa ndi nsinjiro mwakazisiya kwa sing'anga. Thupi lake limange ndi chiyani? Za jakisonizo zisiyeni. Chimene chimapha ana otupa ndi kufika nawo kuchipatala mochedwa. Mukafika, auzeni achipatala mankhwala onse amene wamwa, ndipo ngakhale akamugoneke, musathawe naye.

Za ku Nathenje munalakwa, ndipo sindikunyengererani. Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mayi anu akuloza chala mayi woyembekezera, inu muli phee ngati mlendo. Muuzeni Felesiya zoona, za ndalama ndi za mkazi uja. Ngati pakamwa pakulemera, itanani ankhoswe. Mukayezetsenso magazi nonse awiri, chifukwa pali mwana wina ali m'njira.

Ndalamazo si zanu. Zinangodutsira pa foni yanu. Mugulireni Felesiya foni ndi simu yakeyake, ndipo mufunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mmene mungasinthire nambala. Nayenso ayenera kudya bwino, pakuti akudyera awiri.

Kulemba kalatayi kwaonetsa kuti mwana wanu mumamukonda, tsono chikondicho chioneke ndi miyendo. Manyazi sanaphepo munthu, bambo, koma kutupa kumapha. Mkazi wanu mukhoza kumupepesa sabata yamawa, adzakhala alipo. Takondwa sangakudikireni mpaka nthawi imeneyo.

Aphungu