Mazira Amene Munkapita Nawo ku Wovwe

MANASE MWANGULUBE
Anabadwa pa 3 Meyi 1961, anamwalira pa 14 Okutobala 2022
Anagona kwawo ku Mwenilondo, Karonga

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, a Manase. Chithunzi chili pamwambachi wasankha ndi mng'ono wanu Brighton, chifukwa munavala jekete. Ine mkazi wanu Keziya ndikanasankha china chimene palibe anakujambulani: mutaima patsogolo pa makina oswera mazira, nkhope pagalasi, manja onse awiri mutawapinda kumbuyo. Tsiku la 21 chiikireni mazira likakwana munkaima choncho kuyambira m'mawa, tiyi n'kuzizira patebulo. Anapiye akugogoda m'kati, ena akulira asanatuluke n'komwe, inu osasuntha. Munkati manjawo mumawabisa kuti asachite chinthu mutu usanalole.

Zabwino zanu sindizibisa. Makinawo munakagula ku Kyela, kutsidya kwa malire, n'kuwoloka nawo pa Songwe mutasenza pamutu, anthu akukufunsani ngati mwagula firiji ya ana. Munaseka njira yonse, ndipo nkhaniyo munaifotokoza kwa zaka khumi, tsiku lililonse ikukula. Dzira lililonse munkalilemba ndi pensulo musanaliike. Munkalankhula nawo mazirawo m'Chinkhonde, mukuti Chichewa sakumva. Magetsi akazima masana munkafunditsa makina bulangete lathu labwino, n'kutithamangitsa tonse kukatenthetsa madzi a m'mabotolo. Simunandimenyepo. Simunamwepo mowa mpaka kugwa. Mbalagha yanga, ija ya nthochi zophika ndi nyama, munkaiyamikira ngakhale nthochi zitapanda kupsa bwino. Mlongo wanu Eliness amalirabe akamva nyimbo imene munkatsogolera kukwaya. Mwana wanu Khumbize ku Mzuzu amavala wotchi yanu ngakhale inasiya kuyenda. Fainess, mwana wanu woyamba, sindidziwa mmene amakulirirani, chifukwa salankhulanso zambiri.

Lamulo lanu linali limodzi, ndipo nyumba yonse inalidziwa: mwanapiye sathandizidwa kutuluka m'dzira. Munkati ukatsegula makina chinyontho chimathawa, n'kuumitsa ena onse amene akanatuluka bwino. Munkati ukaswa chigoba nthawi isanakwane umang'amba mitsempha, kamwanapiye n'kutaya magazi m'manja mwako. Munkatinso kamene kalephera kudziswera kokha ndi kofooka kale, ukakatulutsa kadzangodya chakudya cha anzake sabata imodzi n'kufa. Ndinakukhulupirirani. Ndinkauzanso amayi anzanga a Umanyano kutchalitchi mawu omwewo ngati ndawerenga m'buku.

Mu Epulo 2019, madzi atasefukira ku Kaporo kumene anakwatiwa, Fainess anafika kuno ndi mwana kumbuyo, zovala zili matope mpaka m'chiuno. Tinayesa wathawa madzi. Atasamba ndi pamene ndinaona diso lotupa ndi dzino lothyoka. Anagwada pakhonde, nanena kuti mwamuna wake Allan amamumenya, aka sikoyamba, ndipo akupempha kubwerera kwawo. Munamupherera nkhuku. Munamulola kugona masiku awiri. Tsiku lachitatu munamuperekeza kumsewu, n'kumukweza minibasi. Pobwera munandiuza kuti banja lili ngati dzira, wa m'katimo ndiye amadziwa nthawi yake, ife akunja tikalowetsapo dzanja tidzangomupweteka. Ine ndinangoti chabwino. Mawu amenewo ndi anga, ndipo ndidzafa nawo.

Tsopano ndinene zimene zandilembetsa chikumbutso chino ndekha, osasiyira Brighton ngati zaka ziwiri zapitazi.

Tsiku la 22 lililonse munkachotsa mazira otsalira, aja obooka pang'ono koma osatseguka, ndi aja osabooka n'komwe. Munkawaika m'katoni, n'kumangirira panjinga yamoto. Munkati mukukawakwirira kutali, kumunda wanu wa mpunga ku Wovwe, kuti agalu a pano asazolowere kudya mazira. Maso anga ndi akuthwa, a Manase. Ndinkaona kuti m'katonimo mukuyala nsanza, mukuikamo botolo la madzi ofunda. Ndinkadzifunsa kuti chinthu chokataya amachifunditsa bwanji. Sindinakufunseni. Mutamwalira ndinapitiriza lamulo lanu, koma poti njinga sinditha kuyendetsa, ndinkawakwirira kuseri kwa nthochi. Ena ndinkawakwirira akulirabe m'chigoba. Zaka zitatu ndachita zimenezo.

Mwezi watha kunabwera mayi wina, dzina lake Bertha, wa ku Wovwe. Sindinali ndikumudziwa. Anabwera ndi tambala wa Mikolongwe m'manja, nanena kuti maliro anu anawamva mochedwa, ndipo wakhala akuchita mantha kubwera, koma mtima sukumulola kukhala osaona manda a munthu amene anamupulumutsa. Anandipeza ndatulutsa mazira asanu m'beseni, khasu lili pakhomo. Anaponya tambala pansi. Anatenga mazira aja limodzilimodzi n'kumaika kukhutu. Awiri anati ndi osukusa. Atatu anati ali moyo.

Anapempha madzi ofunda, thonje ndi kamtengo ka machesi. Anatseka mawindo kuti mphepo isalowe. Anayamba pakabowo pamene pali mlomo, kubenthula chigoba pang'onopang'ono, tizidutswa tochepa ngati mpunga wosweka. Kachikopa kam'kati kanali katauma n'kumata pamwanapiye ngati pepala. Anakanyowetsa ndi thonje mpaka kanayamba kuonekera, n'kundionetsa mmene ungayang'anire mitsempha: ikakhala yofiira, leka, bwezera m'makina, dikira maola angapo, ikauma, pitiriza. Dzira lachiwiri linaonetsa kadontho ka magazi, iye anasiya pomwepo. Anati mwanapiye sakokedwa. Umangochotsa chigoba chakumutu, chakumunsi umachisiya kuti akankhe yekha mimba ikatseka. Zala zake zinkayenda ngati za munthu amene wachita zimenezi kambirimbiri. Nditamufunsa amene anamuphunzitsa, anandiyang'ana modabwa. Ankayesa ndikudziwa.

Ndinu, a Manase. Mazira onse aja munkapita nawo kwa iye. Munkakhala naye pakhonde lake, manja anu omwewo akubenthula zigoba, mukumuuza kuti ambiri mwa anapiye ochedwa si ofooka, anangoumiridwa chifukwa magetsi anazima kapena kunatentha kwambiri. Khola lake lonse linachokera m'mazira amene ine ndinkayesa ali pansi panthaka.

Atamwa tiyi anandiuza zotsala, akulira ndi kuthokoza. Anati mwamuna wake ankamumenya, abale ake akumubweza nthawi zonse. Inu munamva nkhaniyo kumunda. Munapita ndi njinga yanu masana dzuwa likuswa mtengo, munamutenga iye ndi katundu wake, munamusiya kwa azakhali ake, n'kukalankhula ndi akuluakulu mpaka nkhani inatha. Ndinamufunsa chaka. Anati 2019, mpunga atangokolola. Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo. Panali patangopita miyezi iwiri chikwezereni mwana wanu minibasi ya ku Kaporo.

Ngati panali zina pakati pa inu ndi Bertha, sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa. Pamsinkhu wanga zimenezo sizindisowetsa tulo. Mayiyo ndinamuperekeza bwino, ndipo tambala wake ali m'khola. Chimene chikundiwawa n'chakuti munkadziwa. Munkadziwa kuti pali nthawi yodikira ndi nthawi yolowetsapo dzanja, ndipo kusiyanitsa kwake munkakutha kuposa aliyense m'boma lino. Kwa mwana wa eni munakhala ndi chifundo, nzeru ndi mafuta a njinga. Kwa wanu munakhala ndi lamulo.

Ndaganiza kwa mwezi wathunthu chifukwa chake, ndipo ndapeza chimodzi chokha. Ng'ombe za lobola ya Bertha sizinali m'khola lanu. Za Fainess zinalimo, ndipo zina munali mutalonjeza kale kukaperekera lobola ya Khumbize. Fainess akanabwerera, ng'ombezo zikanabwereranso ku Kaporo, inu n'kuchita manyazi pamaso pa apongozi atsopano. Mukanandiuza choncho, tikanakangana, mwina ndikanakugonjetsani. Koma munandipatsa nkhani ya mazira, chifukwa munkadziwa kuti pa mazira sindingakutsutseni.

Kuti ndisakunamizireni, simunkanama zonse. Mwa anapiye atatu aja, mmodzi anatuluka miyendo yopindika, nafa tsiku lachinayi. Awiri akuthamanga pabwalo pano, simungawasiyanitse ndi anzawo. Ndipo ineyo makina sinditsegula mwachisawawa. Kamene kangoboola kumene ndimakasiya tsiku lathunthu, chifukwa nthawi zambiri kamakhala kakupuma. Koma kakadutsa pamenepo, mlomo uli panja, kakulira, chikopa chauma, ndimasamba m'manja.

Fainess chibwerereni nthawi ija sanadandaulenso. Pamaliro anu anakhala masiku awiri okha. Amaimba foni mwamuna wake akachokapo, n'kumangofunsa za nkhuku. Eliness anakamuona mu Ogasiti, nabwera n'kundiuza kuti khutu lakumanzere silikumvanso, ndipo akamva njinga pabwalo amaimirira msangamsanga ngati mwana wasukulu. Ndinamva, ndinalira, n'kukhala pansi monga munandiphunzitsira. Bertha atapita ndinamuimbira Fainess. Sindinazungulire. Ndinamufunsa ngati akufunabe chimene anapempha pakhonde lija. Anati Lachinayi Allan amapita kumsika ku Songwe m'mamawa, amabwera madzulo.

Brighton ndamuuza. Wati ndikuchititsa manyazi dzina lanu, ndipo nkhani za ng'ombe si za akazi. Ndamuyankha kuti ng'ombezo ndazidyetsa ndine zaka zonsezi, zaswana, ndipo akuluakulu a ku Kaporo akabwera adzapeza khola lotsegula. Khumbize poyamba anakwiya, koma nditamuuza kumene inachokera lobola yake, mawa lake ananena kuti tidzakumana ku boma pa depoti. Za ana a Fainess ndikudziwa kuti kwa Allan adzati ndi awo. Tikakambirana kubwalo, kukavuta tikapita kukhothi. Koma Lachinayi ndikubwera nawo.

Makina ndawazimitsa sabata ino, simuli dzira. Nkhuku adyetsa Eliness. Chipinda chanu chosungiramo chakudya cha anapiye ndasesa, ndaikamo mphasa ziwiri ndi neti. Chikwama chili pampando pafupi ndi chitseko: zitenje ziwiri, buku langa la kuchipatala, thumba lopanda kanthu la zovala za ana, ndi nsapato za Fainess zimene anaiwala kuno tsiku limene munamubweza.

Gonani, a Manase. Ine Keziya, Fainess, Khumbize, Eliness ndi adzukulu anu sitidzakuiwalani, ndipo pokukumbukirani sitidzachotsapo kanthu.