Undibwezere Lenzi Yanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi apongozi anga ndi kamdzukulu kaja. Kuno amayi ako ali bwino, koma ine mtima ukuwira.

Iwe, unandichita chipongwe. Tsiku unkanyamuka lija unatsegula chikwama changa cha kamera, n'kuchotsamo lenzi yanga yakale, n'kuikamo ya zumu yakoyo. Ndinazitulukira m'mawa wa ukwati wa mwana wamkazi wa atelala, oyandikana ndi situdiyo aja. Amayi ako akuti unawauza kuti ndakalamba, ndizingoima malo amodzi n'kumakoka anthu ali kutali. Unandifunsa ine?

Sindinama, panja imagwira ntchito. Mkwatibwi ndinamujambula akutsika m'galimoto ine ndili tsidya la msewu, osakankhana ndi munthu. Kungopotokola, gulu lonse lalowa. Kupotokolanso, nkhope yokha.

Koma mu holo mababu anali ochepa, ndipo fulashi anandiletsa chifukwa atelala maso ankawavuta ndi matenda aja. Lenzi yakoyo mumdima ndi khungu. Yanga ija imaona ngakhale pakandulo! Kulemeranso, mkono mpaka kunjenjemera.

Atelala anabwera pachikuku cha odwala. Mwadzidzidzi anadzikakamiza kuimirira, n'kukumbatira mwana wawo. Anthu misozi mbwee. Ine kudina, kudina. Zithunzi zonse zinatuluka mbuu, nkhope ngati utsi.

Atelalawo tawaika m'manda sabata yatha.

Dzulo mwana wawo anabwera ku situdiyo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anayang'anitsitsa pakompyuta, n'kufunsa ngati palibe china choonetsa maso a bambo ake. Ndinati palibe. Anapempha kuti ndimusindikizire chomwecho, akuti manja okhawo akuwazindikira. Ndinamusindikizira, koma pomupatsa ndinayang'ana pansi ngati wakuba, ine amene ndakalambira pantchito imeneyi.

Ndiye tamva. Nditumizire lenzi yanga ndi munthu woyamba kubwera kuno, uyikulunge bwino. Yakoyo ndiisunga ya panja, sindikukana. Koma chikwama changa usadzachigwirenso, ndipo ukadzabwera udzapite wekha ukamuuze mtsikanayo chimene unachita.

Undiperekere moni kwa apongozi, kamdzukulu ukapsompsone. Mulungu akusungeni nonse, ndi iwe wemwe wosamvawe.

Ndine,
Bambo ako