Ruku Wamisala

Lolemba, 3 Juni

Kukalabu ya tchesi lero kunali phokoso. Alamu, akulu awo a bambo akunyumba, anatiyalira pa bolodi masewera a akatswiri awiri, magirandimasita, amene atha dzulo. Wa zakuda anagonja atatsala ndi mfumu, ruku ndi pooni mmodzi. Wa zoyera anali ndi ruku ndi mapooni atatu. Aliyense: "Eee, anali atafa kale uyu."

Ine pakamwa pangapa! "Wagonja msanga," ndatero.

Anthu kuseka mpaka misozi. Alamu ati, "Mlamu, inu mwaona zimene girandimasita sanazione? Chabwino. Loweruka mudzatenge zakuda, ine zoyera, tiyambire pomwe iwo anasiyira. Mukapanda kugonja, malo anga mu timu yopita ku mpikisano ndi anu."

Ndavomera. Malo amenewo ndakhala ndikuwasirira chilowereni kalabuyi. Vuto ndi loti sindinaone kalikonse, ndinangolankhula.

Lachiwiri, 4 Juni

Kabolodi ndakaika pa shelefu ku saluni, pakati pa zipeso ndi mafuta. Manja kumutu kwa kasitomala, maso pa kabolodi. Mayi wina mpaka anafunsa, "Asisi, mukuluka ine kapena tizidole tanuto?" Mzere umodzi ndinaukhotetsadi, ndinachita kumasula.

Njira iliyonse ndikayesa, ndikugonja basi.

Lachitatu, 5 Juni

Palibe. Mutu ukuwawa. Bambo akunyumba akuti ndingokapepesa kwa akulu awo. Ine? Ayi ndithu.

Lachinayi, 6 Juni

NDAIPEZA!

Ndilembe bwinobwino ndisanapenge. Mfumu yakuda ili pakona penipeni. Kutsogolo kwake kwaima pooni woyera, ndipo ruku woyera akumuteteza kuchokera m'mbali. Mfumuyo ilibe pena paliponse popondapo. Tsono lamulo limati ukasowa choyendetsa, mfumu yako isali pa cheki, kapena kuti pangozi yodyedwa, masewera athera pomwepo, palibe wopambana.

Ndiye kuti chondipha ndi katundu wanga yemwe! Masiku onsewa ruku ndi pooniyo ndimawateteza ngati ana obala ndekha, chonsecho ndi ofunika kuwataya. Pooni apite kaye. Kenako ruku azipereka cheki atagundana ndi mfumu yoyera. Akamudya, ine ndilibe choyendetsa. Akapanda kumudya, cheki sikutha.

Ndinakuwa mpaka mayi amene ndimamutsuka tsitsi anadzuka thovu lili kumaso. Pepani mayi. Girandimasita uja ndamumvera chisoni, mwina anali atatopa.

Lachisanu, 7 Juni

Ndayesa ngodya zonse, mfumu yoyera ilibe kobisala. Bambo akunyumba sindinawauze, amenewo sasunga nkhani.

Loweruka, 8 Juni

Alamu anafika atavala malaya a timu, dala. Anthu kudzaza chipinda, ena kukwera pa mipando.

Ndinakankha pooni ngati ndikufuna akasanduke kwini. Alamu anamudya ndi mfumu, akuimba mluzu. "Mwayamba kugawa, mlamu?"

Ndinanyamula ruku, n'kumuika pamphuno penipeni pa mfumu yawo, wopanda chomuteteza. "Cheki."

Anatambasula dzanja kuti adye. Dzanja linaima m'malere. Anayang'ana pakona paja, mluzu uja zii. Anathawitsa mfumu. Cheki. Anathawitsanso. Cheki. Kumanzere, cheki. Kumanja, cheki. Ine nkhope ndinaiumitsa gwa.

"Ruku wanuyu ndi wamisala kodi?"

"Mudyeni alamu, ndi waulere."

Anazungulira bolodi yonse ndi mfumu yawo, thukuta kamukamu. Pamapeto pake anapuma mozama n'kumudya. Wina kumbuyo, wosadziwa kanthu, akuti, "Yendetsanitu mayi!"

Ine: "Ndiyendetse chiyani?"

Chipinda chinaphulika. Wina kumenya tebulo, mapooni kugwa pansi. Ine ndinavina, sindibisa, ndinavina pamaso pa alamu. Iwo anangondigwira chanza n'kutuluka. Apo ndiye chimwemwe chinandichepera pang'ono. Koma ndili mu timu. INE!

Lolemba, 10 Juni

Chakumasana ndikuona alamu pakhomo pa saluni, ovololo yawo ya ku galaja ili mafuta okhaokha, bolodi kukhwapa. Ndinaganiza kuti abwera kudzakangana. Iwo anakoka mpando wa makasitomala, anakhala, n'kusuntha zipeso zanga.

"Mlamu, ku mpikisanoko kuli mkulu wina amakonda kuyamba ndi hatchi. Ine anandigonjetsa kawiri. Khalani pansi ndikuonetseni, asakatichititse manyazi."

Ndauza kasitomala adikire kaye.