Nsapato Zothamangira

Ba Yoram,

Muli bwanji ku Lusaka? Zimene mwamva zoti ndapenga n'zabodza. Anthu a kuno ku Mpanshya akandiona ndikuthamanga m'mawa amati yunivesite imene sindinaimalize ija yandizunguza mutu. Asiyeni azibwebweta. Adokotala ndiwo anandiuza kuti ndizithamanga, chifukwa andipeza ndi matenda a shuga, omwe aja a atate.

Ndiuzeni sitolo imene amayamba ayeza phazi asanamugulitse munthu nsapato zothamangira. Sindikupempha chithandizo china. Zasalaula, zovalidwa kale ndi ena, zimene ndinagula pa Rufunsa zinandithina, ndipo povula ndinapeza magazi pachala chachikulu, koma osamva kuwawa. Mukukumbukira mmene zinayambira kwa atate asanawadule mwendo.

Amayi musawauze. Moni kwa alamu.

Ndine msuweni wanu,
Mailesi

Chala chija chayamba kuda.