Mbale ya Mlendo Ikhale Yanga

Łódź, 21 Disembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukuloleni kugona ndi chisanu chino? Ine thupi lili bwino. Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri, ndipo kamkate ka Khirisimasi munaikamo, opłatek uja, kanafika kosasweka.

Dzulo masana bungwe lathu la ogwira ntchito linatikonzera phwando m'chipinda chapamwamba pa situdiyo yathu ya makatuni. Kunali supu wa bitiruti, nsomba zamchere ndi timikate toika kabichi m'kati tija, mapierogi, osafika pa anu. Ojambula pa kompyuta anakhala pafupi ndi hita, ife opanga zidole asanu ndi mmodzi cha kukhomo kolowera mphepo. Zimenezo tinazolowera.

A Leszek Borowiec, wapampando wa bungwe, analankhula mpaka supu anazizira. Akuti chaka chinali chowawa koma bungwe latimenyera nkhondo, akuti ndife banja limodzi. Kenaka anati ife a zidole atisungira mphatso yapadera. Anatiitana mmodzimmodzi, anthu akuwomba m'manja.

Nditamasula pepala ndinapeza msodzi wokalamba uja, chidole chimene ndinachipangira manja kasanu ndi katatu chifukwa waya wa m'zala unkathyoka pojambula. Ndinasangalala ngati mwana, Amayi, mpaka ndinathokoza. Koma a Grażyna, amene asoka zovala za zidole pano zaka makumi atatu, sanamwetulire n'komwe. Anandinong'oneza kuti iwe chitsiru, ukuthokoza chiyani, unaonapo liti chidole chikutuluka pakhomo pano ntchito yake ikadalipo?

Zoonadi. Chidole sichituluka. Ngakhale chala chothyoka timachisunga m'kabokosi, poti mwina adzafuna kujambulanso. Ndilo lamulo loyamba limene anandiphunzitsa tsiku ndinayamba ntchito.

A Grażyna anaimirira pomwepo n'kuwafunsa a Leszek kuti chipinda chathu atseka liti. Iwo anayamba ndi kuseka, akuti mayi, lero ndi phwando, za ntchito Lolemba. A Grażyna anayankha kuti kwa munthu wa msinkhu wawo Lolemba n'kutali. Ndiye zinaululika. Bungwe linasainira kale mu Novembala kuti a kompyuta onse atsala, ife ntchito itha kumapeto kwa mwezi uno. Akuti anabisa kuti asatiwonongere Khirisimasi. Mwezi wathunthu munthu ankandipatsa moni m'khonde, kundifunsa za bondo lanu, chikhalirecho pepala anasaina kalekale.

Pambuyo pake a Leszek, opanda ndi manyazi omwe, anazungulira ndi mbale ya opłatek. Atafika pa ine anatambasula dzanja, akuti Bogusia mwana wanga, tinyemerane, Mulungu akupatse chaka chabwino. Ndinawauza kuti pepani bambo, manja anga adzaza ndi mphatso yanu. Anaima kanthawi kamkate kali m'malere, kenaka anapita kwa wina.

Ndikudziwa zimene munatiphunzitsa, kuti kamkate kameneka sitikana ngakhale kwa mdani. Ndikukumbukiranso kuti Bambo ananyemerana ndi anansi athu a Wasilewski chaka chomwe anakangana za malire a munda. Ine ndinalephera. Mukandikalipira ndidzamva, koma ndisakunamizeni, sindikumva chisoni kuti ndinakana. Zaka khumi ndi chimodzi, Amayi, anditsanzika ndi chidole chopanga ndekha. Zikundiwawa kwambiri.

M'kalata yapita ija ndinati Khirisimasi ino sindibwera chifukwa ntchito yachuluka. Mwina munawauza kale onse. Pempho langa ndi limodzi. Mbale ija mumaikira mlendo wosayembekezeka patebulo la Wigilia, mgonero wa usiku wolowera Khirisimasi, mbale imene zaka zonsezi timaichotsa ili yoyera, chaka chino ikhale yanga. Ndifika pa basi ya Lachitatu masana ndi masutikesi awiri ndi msodzi wanga. Chifukwa chake ndidzawafotokozera ndekha tikatha kudya.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Mirek ndi alamu anga, kwa azakhali a Wiesława, ndi kwa ana onse. Kamkate kanu kaja sindinakadye. Ndibwera nako, tidzanyemerane ine ndi inu.

Ndine mwana wanu,
Bogusia