Batani la Wailesi Yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Liwaladzi tilipo, Alhamdulillah. Mlongo wanga Asiyatu wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Mpunga takolola wochepa, mbalame zinatithandiza kudya. Koma nkhani yeniyeni ndi ya bambo, ndipo mutu wanga waima.

Chitisiyireni inu maso awo atheratu, komabe woitanira swala kumzikiti akadali iwo. Ampulifaya yakale ija inapsa, komiti ya mzikiti n'kugula kabolodi katsopano kokuzira mawu, kopanda batani ngakhale limodzi. Mawu ake umachita kukwezera pa laputopu. Nanga munthu wosaona, laputopu aitani? Anthu anayamba kunong'ona kuti bambo apume, aziitana wina. Inu mukudziwa kuti kuwalanda ntchito imeneyo n'kuwaika m'manda ali moyo.

Ndiye ndinati poti ndimakonza mafoni, ndikaikire ndekha mabatani akunja, swichi yoyatsira ndi batani lopotokola la mawu. Amayi inu, ndinatuluka thukuta! Powotcherera mawaya ndi pambirimbiri, ndipo ukamaliza uyenera kukauzanso kabolodiko pa laputopu kuti batani ili ntchito yake ndi iyi. Poyamba ndikati ndikweze, mawu ankangonenepa ngati a chule. Kachiwiri ndikapotokolera kumanja ankatsika. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinagwira kuti zitheke.

Batani lopotokolalo ndinachotsa pa wailesi yanu, mundikhululukire. Ndinaiwala kuti munalitema ndi mpeni m'mphepete, muja munkati, "Chipsera ichi chikaloza kudenga lekerani pomwepo, mundidzutsira ana." Bambo atangoligwira, chala chinachipeza. Anapotokola mpaka chipsera chaloza kudenga, basi n'kusiya. Ndawachonderera kuti azipitirizako pang'ono, akungoti mayi ako amakana. Ndiye mawu ankangothera pa mango a kuseri kwa mzikiti. Asodzi kugombe samamva, ndipo komiti inati Lachisanu ikambirana za bambo.

Dzulo ndinatsegulanso laputopu, n'kukauza kabolodi kuti batani likafika pa chipsera chanu, kazitulutsa mawu onse. Bambo sindinawauze. Kodi pamenepa ndawathandiza kapena ndawapusitsa? Nanga inu, lamulo lanu ndalisunga kapena ndaliphwanya? Munkati wonamiza munthu wosaona akayankha kawiri. Mawu amenewo akundisowetsa mtendere, koma njira ina sindikuiona.

Lero m'mamawa aitana, mawu amveka mpaka kugombe. Khanda la Asiyatu linadzidzimuka n'kulira nyumba yonse. Bambo anabwerako akumwetulira, akundiuza monyadira kuti sanapitirire pamene inu munawalekezera. Ine ndinangoti eya, maso ali pansi, ngakhale sakanatha kundiona.

Ndikulonjeza kuti batani lanulo silidzachoka pamenepo, ndipo tsiku lina bambo ndidzawauza zoona, kaya liti. Koma ana aja, Amayi, tawadzutsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yusufu