Ntchito imene Laisoni anaisiya

Okondedwa achemwali a Anjelina,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mtakataka pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine kuno ku Lilongwe ndilipo. Ndikudya, ndikupita kuntchito. Madzi akuvuta kumene ndikukhala, koma ndazolowera.

Chibwerereni kumaliro a Laisoni ku Golomoti, abwana anandipatsa ntchito imene iye anaisiya. Paja tinkakhala desiki imodzi. Mpando wake sanauchotsebe.

Ntchitoyo ili chonchi. Tili ndi kompyuta yaikulu yosunga mafailo a anthu ambiri, timaitcha seva. Makompyuta awiri akafuna failo imodzi nthawi imodzimodzi, ina n'kuitseka inzake ikuwerengabe, seva inkangouma osagwiranso ntchito, zolemba za anthu n'kutayika. Vutolo linali m'kati mwenimweni mwa pulogalamu yoyendetsa makinawo, mmene timati kenelo. Linkangobwera mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake linavuta kuligwira. Laisoni ndiye analipeza, n'kuyamba kuika loko woti kompyuta ina izidikira inzake imalize. Minibasi ija inamugunda ntchito ili pakati.

Ndinapitiriza pamene analekezera. Loko wake anali wabwino, kungoti nthawi zina makompyuta onse awiri ankangodikirana, osasuntha. Ndinakonza pamenepo, tinayesa mobwerezabwereza, seva sinaumenso. Anzanga mu ofesi anaomba m'manja. Ine ndinangodzuka kukamwa madzi.

Kenako tinatumiza ntchitoyo kwa akatswiri akunja amene amayang'anira pulogalamuyi. Mmodzi anayankha kuti waikonda, koma Laisoni alembe yekha kutsimikiza kuti ndi yake. Ndinamuuza kuti mwiniwake tinamuika m'manda. Anapepesa, n'kuilandira, dzina la Laisoni pamwamba, langa pansi. Ndinkaganiza kuti pamenepo ndilira. Sindinalire. Ngakhale kumanda kuja misozi sinabwere, munaona nokha. Sindikudwala, musadandaule. Kungoti chilichonse ndikuchiona ngati chikuchitikira munthu wina.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapita ku msika ku Golomoti, mukadzere kwa amayi ake a Laisoni. Tsiku la maliro anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati mwana wawo wasiya zinthu zili bwino kuntchito, poti sankafuna kuti anthu azimunena kuti anasiya zosamaliza. Ine ndinangoyang'ana pansi. Mukawauze kuti ntchito ija yatha, ikugwira bwino, ndipo dzina lake lalembedwapo. Za seva musavutike kuwafotokozera. Akafunsa za ine, muwauze kuti ndidzabwera ndekha tsiku limene ndidzathe kuwayang'ana kumaso.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu a Mathias, kwa amalume ku Mua, ndi kwa Prisca ndi ang'ono ake. Mundikumbukire m'mapemphero, chifukwa ine panopa ndikagwada mawu sakutuluka.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Chipiliro